Mwana akamalemba nkhani za chaka cha 2080, musamulande kope

Mayi wina wa ku Ngabu m'boma la Chikwawa watilembera kudandaula kuti mwana wake wamkazi wa Fomu 3 amathera madzulo akulemba nkhani za nyumba zoyandama pa Shire m'chaka cha 2080. Akufunsa ngati kuli bwino kumulanda kopelo kuti aike mtima pa mayeso a MSCE.

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, pakuti fizi mumaipeza movutikira ndipo mukufuna kuti thukuta lanu lisapite pachabe. Komabe ndikukupemphani kuti kopelo musalande, chifukwa zimene mwana wanu akulemba ndi nkhani zopeka zasayansi, ndipo zikayendetsedwa bwino zimanola maphunziro omwewo amene mukuopa kuti awalephera.

Nkhani zamtunduwu n'zosiyana ndi nthano zathu zapamoto. M'nthano, lichero likhoza kuuluka usiku ndipo palibe amene amafunsa chimene chalinyamula. M'nkhani yasayansi wolemba saloledwa kuthawira ku matsenga. Chinthu chikauluka kapena kuyandama, ayenera kudziwa mphamvu imene ikuchititsa zimenezo, ndipo woŵerenga wakhama akhoza kumutsutsa akalakwitsa. Jules Verne wa ku France analemba m'chaka cha 1865 nkhani ya ulendo wa ku mwezi ataŵerengera liwiro lofunika kuti chombo chichoke padziko, ndipo anthu anakapondadi pamwezi mu 1969, ngakhale kuti anagwiritsa ntchito roketi osati mzinga waukulu umene iye anaganiza. Kuno kwathu Shadreck Chikoti anatulutsa buku la Azotus the Kingdom mu 2015, lonena za Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Choncho mwana wanu sakuyenda njira yachilendo kwa Amalawi.

Tiyeni titenge nyumba yake yoyandamayo. Mufunseni kuti ikuyandama pa chiyani. Akanena kuti pa migolo yopanda kanthu, atenge cholembera aŵerengere: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, motero mgolo wa malita 200 sunganyamule katundu wopitirira makilogalamu 200, ndipo pamenepo achotsepo kulemera kwa mgolowo. Nyumba ya makilogalamu 3,000 ifuna migolo yoposa 15, ndipo tisanaikemo anthu, matumba a mapira ndi mbuzi. Posakhalitsa azindikira kuti njerwa zootcha sizingatheke, ayamba kuganiza za nsungwi ndi malata, kenako afunsa chimene chingaletse nyumbayo kukokoloka Ruo akatsika ndi ukali kudzakumana ndi Shire ku Chiromo. Mwana amene wadzifunsa yekha mafunso amenewa saiwala msanga phunziro la Fizikisi lonena za kuyandama kwa zinthu, popeza walivutikira kuti nkhani yake iime.

Koma migolo yokha siipanga nkhani. Chimene chimagwira mtima ndi anthu okhala m'nyumbamo. Mudzi wonse ukayamba kuyandama, amfumu adzagawa chiyani? Gogo amene wakhala akukana kusamukira kumtunda chifukwa manda a makolo ake ali kudambo adzavomera kukwera? Ana a m'chigwa chino anaona madzi osefukira a mu Januwale 2015 atazinga Makhanga, anaona namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu 2022 mpaka dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 a magetsi, ndiponso anaona namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ambiri anagona m'makalasi osanduka misasa. Ine ndimakhulupirira kuti mwana wotere ali ndi zolemba zambiri kuposa amene amangokopera maloboti a m'mafilimu, ndipo ndimamva chisoni ndikaona ophunzira athu akuika nkhani zawo ku London kumene sanafikeko, pomwe ngalande yothirira ya Shire Valley Transformation Programme ikukumbidwa pakhomo pawo. Kodi ngalandeyo idzasintha bwanji moyo wa mlimi wa thonje zaka 50 zikubwerazi? Funso limenelo lokha likhoza kubala nkhani zingapo.

Ponena za nthawi, pamenepo mpofunika dzanja lanu monga kholo. Kope la nkhani likhale lapadera, lisasakanikirane ndi la notsi, ndipo azilemba Loweruka kapena patchuthi atamaliza ntchito ya kusukulu. Akafika teremu yachiwiri ya Fomu 4 achepetse kwambiri. Nkhani iliyonse akaimaliza aionetse aphunzitsi awiri, wa sayansi kuti aone ngati zimene wanenazo n'zotheka, ndi wa Chichewa kapena Chingerezi kuti akonze chiyankhulo. Mwanayo mulimbikitseni kuŵerenga chilichonse chimene angachipeze mulaibulale ya pasukulu, kuphatikizapo nyuzipepala, chifukwa wosaŵerenga amalemba mozungulira pamodzimodzi. Ngati anthu a m'nkhani yake akuyankhula Chisena kapena Chimang'anja, awasiye ayankhule momwemo.

Kwa aphunzitsi amene mukuŵerenga yankho ili, kuyambitsa zimenezi sikulira ndalama. Lembani pabolodi funso limodzi, monga lakuti Nsanje angakhale wotani kutentha kwa mwezi wa Okutobala kutawonjezeka ndi madigiri atatu, ndipo wophunzira aliyense alembe tsamba limodzi lokhala ndi mfundo imodzi yoona ya m'silabasi.

Mayi, sindikunamizani kuti kulemba mabuku kokha kudzamudyetsa, pakuti alembi ambiri m'Malawi muno ali ndi ntchito zina zowapatsa ndalama. Chimene ndikuona m'kalata yanu ndi mwana amene mtima wake uli pa madzi, nyengo ndi zomangamanga. Ku sukulu yaukachenjede ya MUST ku Thyolo amaphunzitsa za nyengo ndi za kasamalidwe ka ngozi zogwa mwadzidzidzi, ku MUBAS ku Blantyre kuli uinjiniya, ndipo ku LUANAR kuli maphunziro a ulimi wothirira. Kuti asankhidwe ku sukulu zaukachenjede za boma afunika makirediti osachepera asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa maphunziro ndatchulawa ayenera kukhoza bwino Masamu, Fizikisi ndi Kemisitiri. Teremu ino ikatha, khalani naye pansi muone lipoti lake pa maphunziro anayi amenewa, ndipo ngati Masamu akutsalira, mugwirizane kuti nthawi ina ya kopelo ipite kumeneko kufikira magiredi atakwera.