Mwanabere wa mwana wanu wachokera pachilonda chakuphazicho

Achemwali, mwati mwana wanu watupa mwanabere m'mphechepeche atabayidwa ndi minga kuphazi, ndipo agogo ake akuti mumuthowe ndi mthiko wotentha. Mthikowo ausiye kaye kukhitchini. Mwanabereyo anabadwa naye, kungoti lero watupa chifukwa ali pa ntchito.

Kupatula mitsempha ya magazi, m'thupi muli timitsempha tina tonyamula timadzi totchedwa limfu. Magazi akamazungulira, madzi ena amawukha n'kulowa m'minofu, ndipo malita pafupifupi 3 patsiku amatsalira komweko. Timitsempha timeneti ndi timene timawatola n'kukawathiranso m'magazi cha m'munsi mwa khosi. Mtima suwapopa ayi. Amakankhidwa ndi minofu tikamayenda ndi kupuma, n'chifukwa chake mapazi amatupa mukakhala tsiku lonse m'basi ya ku Johannesburg.

M'njira monsemo muli anabere pafupifupi 600, ambiri m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche ndi m'mimba. Ali ngati rodibuloko: madzi ochokera kuphazi sangadutse osasechedwa m'mphechepeche. Tizilombo ta pachilonda tikafika pamenepo, asilikali a m'thupi amachulukana kuti atiphe, basi malowo n'kutupa, n'kumapweteka. Ndiye mukamawotcha pamenepo mukuzunza mwana pachabe, mwinanso kumupatsa bala lachiwiri. Yang'anani phazilo. Tsukani chilondacho ndi sopo ndi madzi aukhondo, muone ngati kachidutswa ka minga sikanatsalemo, ndipo asapondeponde m'fumbi opanda nsapato. Chilonda chikamapola, mwanabere amaphwa yekha pang'onopang'ono.

Ena pano alemba zoti ndi matenda aja otupitsa miyendo. Amenewo amayamba ndi tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu, timene timawononga timitsempha tomweti, ndipo ankavuta ku Nsanje, Chikwawa ndi Karonga. Mu 2020 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatsimikiza kuti Malawi wawagonjetsa. Za minga sizikugwirizana nawo, musamuopseze mayi mnzathu.

Koma achemwali, pitani naye mwanayo kuchipatala lero lomwe ngati watentha thupi, pakutuluka mafinya, kapena mwaona mzere wofiira ukukwera ndi mwendo. Amene ine ndimamuopa kwambiri ndi mwanabere wosapweteka, wolimba gwa, amene akungokulirakulira mpaka kudutsa milungu iwiri kapena itatu, makamaka m'khosi, munthu akuonda komanso kutuluka thukuta usiku. Ameneyo adokotala ayenera kuyeza TB, HIV ngakhalenso khansa. Mukapita, mutenge buku lake la kusikelo kuti aone ngati katemera wa kafumbata anamaliza.