Funsani Amisiri: Ming'alu, Tchizulo Yobuntha ndi Tizilombo Tofumbwa Mitengo

Ndimasema ziboliboli ndikaweruka kuntchito. Ndinasema mutu wa munthu pa chipika chachiwisi, koma utayamba kuuma unang'ambika kuchokera paliwombo mpaka pachibwano. Chinavuta n'chiyani?

Mng'aluwo unayamba musanagwire n'komwe sompho. Mtengo ukamauma umachepa thupi, koma suchepa mofanana paliponse. Kunja kumauma mkati mukadali madzi, ndipo kumapeto komwe munadula ndi sowo madzi amathawa msanga kuposa m'mbali. Komanso mtengo umachepa kwambiri mozungulira, kutsata mizere yake ija ya chaka ndi chaka, pafupifupi kawiri poyerekeza ndi mmene umachepera kuchokera kukhungwa kupita pakati. Choncho chipika chathunthu, chokhala ndi kamtima kake pakati, sichichitira mwina koma kung'ambika.

Mukangodula mtengo, ung'ambeni pakati m'litali mwake, kenako chotsani kamtimako ndi masentimita awiri kapena atatu okazungulira. Pakani phula losungunula, penti yamafuta kapena guluu wa matabwa kumapeto konse kuwiri. Sanjani zipikazo pamthunzi podutsa mpweya, osati pansi penipeni, ndipo pakati pake muziikapo timitengo. Padzuwa ayi. Thabwa lochindikala masentimita 2.5 limafuna pafupifupi chaka kuti liume, ndiye chipika chosemera mutu chimafuna zaka. Muzichiyeza pasikelo mwezi uliwonse. Kulemera kukasiya kutsika, chauma.

Ngati simungadikire, semani chachiwisi chomwecho, pajatu n'chofewa. Koma gobani mkati kuchokera pansi kapena kumbuyo, musiye makoma a masentimita awiri kapena atatu ofanana paliponse. Mukapumira ntchito, chisungeni m'thumba la pepala pamodzi ndi zipalapasa zake kuti chiume pang'onopang'ono.

Mutu uja musautaye. Dikirani mng'aluwo usiye kukula, semani kachidutswa kosongoka ka mtengo womwewo, kapakeni guluu n'kukakhomeramo, mizere yake iyang'ane mbali imodzi ndi ya mutuwo. Utuchi wosakaniza ndi guluu umathandiza pa timing'alu tating'ono; pa waukulu umagamphuka nyengo ikasintha.

Tchizulo yanga imangonyotsola mtengo m'malo modula bwino. Kodi ndi yachabechabe?

Kawirikawiri imakhala yobuntha chabe. Iyeseni podula mopingasa kumapeto kwa thabwa lofewa: yakuthwa imasiya posalala ndi ponyezimira, yobuntha imasiya poyera, pokandika. Inoleni pamwala yopendekeka madigiri 20 mpaka 25 ngati mumakankha ndi manja, 25 mpaka 30 ngati mumamenya ndi chibonga pa mtengo wolimba. Pitirizani mpaka chala chimve kalilime kachitsulo kumbuyo kwa kukamwa kwake. Kachotseni pamwala wosalala, mumalize ndi kukoka tchizuloyo chobwerera pachikopa.

Ikakhala yakuthwa koma ikunyotsolabe, mukulimbana ndi mizere ya mtengo. Dulani kuchokera pokwera kutsikira potsika, ndipo mukaona chipalapasa chikung'ambika patsogolo pa chida, imani mutembenuze ntchitoyo. M'bawa ndiye amavuta, chifukwa mizere yake imapiringizana. Pamenepo dulani chopingasa, pang'onopang'ono. Sandipepala adikire mpaka kusema kutatha, popeza mchenga wake umatsalira mumtengo n'kubunthitsa chida. Chonde, manja onse awiri azikhala kumbuyo kwa kukamwa kwa tchizulo, ntchito ili yomangidwa pabenchi.

Ndangoyamba kumene. Ndiyambire phingo?

Ayi. Phingo ndi wolemera moti amamira m'madzi, amabunthitsa zida mofulumira, ndipo fumbi lake limayabwa khungu ndi mphuno. Amakula mochedwa kwambiri, n'chifukwa chake timamva chisoni akawonongekera pophunzirira. Kuyambira 2017 ali pa ndandanda yachiwiri ya pangano la CITES, loyang'anira malonda a pakati pa mayiko a zomera ndi nyama zomwe zili pachiopsezo, ndiye kugulitsa kunja zosema zake kuli ndi malamulo. Yambirani jakaranda kapena malayina, dzanja likakhwima mupite pa mlombwa.

Pansi pa chiboliboli changa ndikumapeza ufa, ndipo chili ndi timabowo.

Muli mphutsi za tizilombo tofumbwa mitengo. Zimakonda mnofu woyera wa pansi pa khungwa chifukwa muli chakudya chawo, ndiye posema muziuchotsa momwe mungathere. Vanishi sapha zomwe zili kale mkati. Ngati chosemacho n'chouma bwino ndipo n'chaching'ono, chikulungeni m'pulasitiki osasiya mpata, chikhale mufiriza milungu iwiri. Mukachitulutsa musachivundukule mpaka chisanucho chithe, kuti chinyezi chigwere papulasitiki. Tsekani mabowo ndi phula, kenako chiikeni papepala lakuda kwa mwezi umodzi. Ufa watsopano ukaoneka, bwerezani, ndipo chikhale kutali ndi mitengo yanu ina.