Kodi loya wa anthu apantchito angadzakhale jaji?

FUNSO: Mwana wanga wamkazi akumaliza maphunziro a zamalamulo chaka chino. Akuti mtima wake uli poimira anthu ochotsedwa ntchito ndi mabungwe a anthu apantchito. Amalume ake akuti kumeneko kulibe ndalama, komanso munthu wozolowera kulimbana ndi mabwana sangapatsidwe mpando wa ujaji. Kodi alipo mkazi amene anadzera njira imeneyi n'kufika patali? Ndine mayi wodandaula, ku Zomba.

YANKHO: Mayi, pa za ndalamazo amalume sakunama kwenikweni. Munthu wochotsedwa ntchito amafika kwa loya chimanjamanja. Ndinaziona nditaperekeza mlamu wanga kukhothi, abwana atamuchotsa atangoona kuti ndi woyembekezera. Umboni wake wonse unali m'jumbo ya shuga: kalata imodzi yothimbirira ndi timapepala ta malipiro. Loya wofuna galimoto yamakono chaka choyamba sathamangira kasitomala wotere.

Koma pa za ujaji, mundilole ndikuuzeni za mayi wina wa ku America, Marsha Berzon.

Mayiyu anabadwa mu 1945 ndipo anamaliza zamalamulo pa yunivesite ya California ku Berkeley mu 1973. Kumeneko amene akhoza bwino amayamba n'kuthandizira majaji, kuwafufuzira malamulo ndi kuwakonzera zolemba. Dzina lake linatumizidwa kwa William Brennan, jaji wa khothi lalikulu kwambiri m'dzikomo. Brennan ankatchuka ndi zigamulo zoteteza amayi, koma mu ofesi mwake sankafuna mkazi, ndiye anakana. Mpaka munthu wina amene anagwirapo naye ntchito anamulembera kalata yomudzudzula mosapsatira, m'pamene anasintha maganizo. Mu 1974 Berzon anakhala mkazi woyamba kugwira ntchito imeneyi kwa Brennan.

Ndi mapepala otere akanatha kulowa kulikonse kumene kuli ndalama. Iye anapita ku mabungwe a anthu apantchito. Mu 1978 anatsegula ndi anzake ofesi ya maloya ku San Francisco, yotchedwa Altshuler Berzon, ndipo kuyambira mu 1987 anali mmodzi wa maloya akuluakulu a AFL-CIO, bungwe lomwe limasonkhanitsa mabungwe a apantchito, ngati MCTU kwathu kuno.

Mlandu umene ndikufuna mwana wanuyo aumve ndi wa kampani yopanga mabatire a galimoto, Johnson Controls. M'mabatire muli mtovu, ndipo mtovu ukalowa m'magazi umavulaza mwana ali m'mimba. Mu 1982 kampaniyo inalamula kuti mkazi aliyense asagwire ntchito pomwe pali mtovu, pokhapokha abweretse kalata ya dokotala yonena kuti sangabereke. Pongomva, mungati ndi chifundo. Koma ntchito zimenezo ndi zimene zinali ndi malipiro abwino, ndipo lamulolo silinkafunsa ngati mayiyo akufunanso mwana kapena ayi. Mayi wina anakatseketsa kuchipatala kuti ntchito isamuthere. Wina wa zaka 50 anamusamutsira kwina, malipiro n'kutsika. Panalinso bambo wina amene anapempha tchuthi kuti mtovu uchepe m'thupi mwake chifukwa ankafuna kubereka, iye n'kumukaniza, chikhalirecho mtovu umaononganso mbewu ya mwamuna.

Makhothi awiri a m'munsi anakomera kampani. Berzon, poimira apantchitowo, anaimirira pamaso pa majaji 9 a khothi lalikulu mu October 1990, ndipo mu March 1991 chigamulo chinatuluka: lamulo la kampanilo ndi tsankho, ndipo zokhudza ana amene adzabadwe azisankha ndi makolo, osati wolemba ntchito. Ineyo, mwa zonse zimene mayiyu wachita, ichi ndiye ndimachiika pamwamba, kuposa mkanjo wa ujaji umene unabwera pambuyo pake.

Tsono apa amalume atchere khutu, chifukwa mbali ina ikuwakomera. Pulezidenti Bill Clinton anamusankha mu January 1998 kuti akhale jaji wa khothi la apilo la Ninth Circuit, koma aphungu a nyumba ya Senate anaukhalira nkhongo, dzina lake n'kukhala pa tebulo zaka ziwiri ndi miyezi. Ena mwa omukana ankaloza ntchito yake ya m'mabungwe ija, amvekere munthu wotere adzakondera. Voti inachitika mu March 2000: 64 anavomera, 34 anakana. Analowa ali ndi zaka 54, atatha zaka zoposa 20 akuimira apantchito. Njirayo inamuchedwetsa, koma sinamutsekere.

Mwina ndifotokoze za khothi la apilo, poti ambiri timaganiza kuti jaji aliyense amakhala akumvetsera mboni. Ayi. Kumeneko mboni sizibwera. Majaji atatu amawerenga mafayilo a mlandu umene unaweruzidwa kale, kumva maloya mwachidule, kenako n'kulemba ngati khothi la m'munsi linatsata lamulo. Ndi ntchito ya munthu wosatopa ndi kuwerenga. Ninth Circuit ili ndi mipando ya majaji 29 ndipo imamva milandu yochokera m'zigawo 9, kuphatikizapo California, Alaska ndi Hawaii.

Ali pampandopo, mu 2018, Berzon analemba chigamulo chokhudza mzinda wa Boise, chonena kuti munthu wopanda pokhala asalangidwe chifukwa chogona panja ngati mzindawo ulibe malo oti akagone. Mu 2024 khothi lalikulu linagwetsa mfundo imeneyi pa mlandu wina wa mzinda wa Grants Pass. Jaji wa apilo nayenso ali ndi omuweruza. Kuyambira mu 2022 Berzon anachepetsako ntchito monga amachitira majaji achikulire kumeneko.

Mwana wanuyo musamuletse. Mumuuze kuti asanalembe mayeso omaliza apeze masiku angapo, akwere minibasi kupita ku Blantyre, akakhale pa benchi ya Industrial Relations Court, khothi la milandu ya pantchito, kuyambira m'mawa, aone anthu ake ndi mmene milandu imachedwera. Akabwerako akuifunabe ntchitoyo, amalume muwasiyire ine.