Za miyezo yosagwirizana pa pulani ya ku Senga Bay

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri: miyezo ya zipinda zitatu pa pulani yanu ya AutoCAD (pulogalamu yojambulira mapulani pa kompyuta) mukaiphatikiza ikusiyana ndi ya khoma lonse, komanso mutalowetsa pulaniyo mu SketchUp (pulogalamu yoonetsa nyumba mu 3D) mizere ikunjenjemera. Ena akuyankhani kuti pulogalamu yanu ndi yowonongeka, muyikenso ina. Musataye bandulo yanu. Mavutowa ndi osiyana, ndipo onse ali mu fayilo yanuyo.

Nambala imene mukuona pa dimension (muyezo wolembedwa pa pulani) si imene kompyuta yasunga. AutoCAD imasunga malo a nsonga iliyonse ya mzere ndi manambala 15 kapena 16, koma imakuonetsani ochepa okha, malinga ndi zimene mwasankha pa UNITS ndi pa DIMSTYLE. Tinene kuti kuchokera pakati pa khoma kufika pakati pa linzake mwajambula 3000.4 mm, katatu, koma mwaiuza kuti isaonetse za kuseri kwa kadontho. Ilemba 3000, 3000, 3000. Khoma lonse ilemba 9001, popeza utali wake weniweni ndi 9001.2. Sinalakwitse masamu. Ka 0.4 kameneka kamabwera mukamajambula ndi diso, kukoka mausi mpaka paoneke ngati pafika. Utali muzilemba pa kiyibodi, OSNAP, yogwira nsonga za mizere ndendende, ikhale yoyaka (F3), ORTHO, yowongola mizere, nayonso (F8). Kuti mupeze pamene pakhota, onjezerani precision kwa kanthawi ifike manambala anayi kuseri kwa kadontho, zobisika zonse zitulukira.

Koma chonde, musafufute 9001 n'kulembapo 9000 pamanja. Ambiri amatero kuti pulani ioneke yaukhondo, ndipo ine khalidwe limeneli limandinyansa. Mawa mwininyumba akati kulitsani khitchini, khoma lisuntha, nambala yolemba pamanja ija ikhala pomwepo, m'misiri n'kumanga zabodza.

Za kunjenjemerazo, mwanena nokha kuti munajambula nyumbayo pamwamba pa fayilo imene anakupatsani asaveya. Gwero lake ndi limenelo. Asaveya amagwiritsa ntchito UTM, njira yosonyeza malo pa dziko ndi manambala a mamita, ndipo ife tili mu zone 36 South. Kuno ku Salima northing (nambala ya mtunda wopita kumpoto) imapitirira mamita 8,400,000. Mukasandutsa kukhala mamilimita, ndiye kuti 8,400,000,000, manambala khumi atha kale pongonena pamene poloti ili, otsala ndi asanu kapena asanu ndi limodzi. Komanso kompyuta imawerenga mu binary, mmene ngakhale 0.1 sakwana ndendende, choncho mukachita ROTATE, OFFSET kapena FILLET pamatayika kanyenyeswa. Pafupi ndi 0,0 (origin, poyambira miyezo yonse mu fayilo) kanyenyeswako sikaoneka n'komwe. Kutali chonchi, hatch (timizere todzaza mkati mwa chojambula) imayamba kukana, mizere yooneka yokumana n'kukhala yosakumana.

Pa sikirini ndiye zimanyanya. Mbali yojambula zithunzi za 3D nthawi zambiri imagwiritsa ntchito manambala a 32-bit, amene amasunga pafupifupi manambala 7 basi. Nambala yotere ikadutsa 8,388,608 imangodumpha mmodzimmodzi, theka kulibe. Northing yathu yadutsa kale pamenepo, ndiye khoma la 230 mm lilekerenji kuvina? Si SketchUp yokha: Autodesk, kampani yopanga AutoCAD, imalangiza kuti mu pulogalamu yake ina ya Revit chojambula chisatalikire origin kupitirira makilomita 16.

Chitani chonchi. Fayilo ya asaveya isiyeni mmene ilili, mu mamita. Nyumba ijambuleni mu fayilo yakeyake, mu mamilimita, ngodya imodzi ikhale pa 0,0. Sankhani bikoni imodzi ya poloti, mulembe ma coordinate ake pa pulani, kenako nyumbayo muilowetse mu fayilo ya asaveya ngati XREF (fayilo yoonekera mkati mwa inzake koma yosungidwa payokha). Ku SketchUp muzipititsa ya pa 0,0 ija. Onaninso INSUNITS, imene imanena ngati fayilo ili mu mamita, mamilimita kapena mainchesi, pa mafayilo onse awiri. Chinthu chikalowa chitakula kapena kuchepa ka 25.4, dziwani kuti pena pali mainchesi, pakuti inchi imodzi ndi 25.4 mm ndendende kuyambira 1959. Chikasiyana ka 1000, mwasokoneza mamita ndi mamilimita.

Mukakonza zonsezi musayambe kulemba 2400.00 pa pepala lopita kwa amisiri, ngati kuti wina akakwanitsa. Tepi ya wowotcherera pa Kamuzu Road imathera pa milimita imodzi, ndipo njerwa zootcha za kumudzi sizifanana kukula. Chitsulo nachonso sichikhala phee: mita iliyonse imatalika pafupifupi 0.012 mm kutentha kukakwera digiri imodzi. Chitsulo cha mamita 6 chimene chinali pamthunzi m'mawa, chikakhala padzuwa la Okutobala n'kutentha madigiri 20 owonjezera, chatalika pafupifupi 1.4 mm. Ndiye pa pulani lembani manambala athunthu, ndipo pamene pakufunika kusamala, monga pa mafelemu a zitseko ndi mawindo, lembani mpata umene mukulola, kaya 5 mm uku ndi uku. Mageti ndi mabagalabazi, wowotcherera apite akayeze yekha pakhomapo pulasitala atatha, asadule chitsulo potengera pepala.

Ngati hatch ikukanabe mutasunthira nyumba pa 0,0, yendetsani OVERKILL ichotse mizere yosanjikizana, kenako PEDIT ndi Join kuti mutseke ngodya zotseguka.