Kodi Toyota ndi yolimbadi kapena tinangoizolowera? Ndikuyankha mayi wa ku Kasungu

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa ku Kasungu, ndipo poti funso lawo ndi la anthu ambiri ndati ndiyankhire pompano basi. Akuti asonkhanitsa kandalama, ngongole ya ku SACCO kuphatikiza za fodya wa bambo akunyumba, ndiye akufuna kuitanitsa galimoto yawo yoyamba ku Japan. Pa intaneti aona Nissan Note ndi Mazda Demio zotchipirako kuyerekeza ndi Vitz kapena Sienta za chaka chomwecho, koma achibale onse akungoti gulani Toyota zinazo mulira nazo. Ndiye akufunsa kuti Toyota imeneyi inachokera kuti, ili ndi chani chapadera, kapena aMalawife timangotengerana?

Mayi, zikomo pondilembera. Achibale anuwo sakunama, koma chifukwa chomwe akunenera zimenezo mwina eni akewo sakuchidziwa bwinobwino, ndiye tiyeni tiyambire kutali pang'ono.

Kampaniyi sinayambe ndi magalimoto ayi, inayamba ndi nsalu. Sakichi Toyoda, mwana wa kalipentala wobadwa mu 1867, ankapanga makina owombera nsalu, ndipo omwe anamutchukitsa kwambiri ndi a Type G a mu 1924. Makina amenewa ulusi umodzi ukangoduka ankaima okha, osapitiriza kutulutsa nsalu yoipa mpaka munthu atazindikira madzulo kuti mpukutu wonse wawonongeka. Zimenezi zisungeni mmutu mayi chifukwa nkhani yonse ya Toyota yagona pamenepa. Mu 1929 kampani ya ku England ya Platt Brothers inagula chilolezo chopangira makinawa pa mapaundi 100,000, koma mwana wa Sakichi, Kiichiro, atayenda ku Ulaya ndi ku America maso ake anali pa magalimoto osati nsalu. Mu 1933 anatsegula kagawo ka magalimoto mkati mwa fakitale ya makina a nsalu momwemo, anagula Chevrolet n'kuimasula kachidutswa kalikonse kuti aone mmene azungu ankachitira. Lole yawo yoyamba, G1, inatuluka mu 1935 ndipo inkafa pamsewu kawirikawiri, eya, Toyota yomweyi. Galimoto yaing'ono ya AA inabwera mu 1936, kenako mu 1937 Toyota Motor Company inaima payokha. Tauni ya Koromo komwe anamanga fakitale inasinthidwa dzina mu 1959, pano imatchedwa Toyota City.

Chomwe anthu ambiri sadziwa n'chakuti mu 1950 kampaniyi inatsala pang'ono kutsekedwa. Nkhondo itatha ndalama kunalibe, mabanki anati tikuthandizani pokhapokha muchotse anthu ntchito, antchito ananyanyala pafupifupi miyezi iwiri, anthu oposa 1,600 anachoka ndipo Kiichiro mwiniwake anatula pansi udindo. Patangopita masabata ochepa nkhondo ya ku Korea inayamba, asilikali a America anayamba kuitanitsa malole ambirimbiri kwa Toyota, kampani n'kudzuka. Kiichiro anamwalira mu 1952 asanaone zonse zomwe tikuonazi.

Umphawi umenewo ndi womwe unawaphunzitsa nzeru. Eiji Toyoda, msuweni wa Kiichiro, anakaona fakitale yaikulu ya Ford ku River Rouge mu 1950 n'kuona kuti iwo sangakwanitse kuchita ngati aku America omwe ankangotulutsa magalimoto zikwizikwi, zolakwika n'kumakonza kumapeto. Toyota inalibe ndalama yotaya zitsulo. Ndiye iye ndi injiniya wina dzina lake Taiichi Ohno anatenga nzeru ya makina a nsalu aja n'kuiika mu fakitale ya magalimoto: pamzere wopangira galimoto anaikapo chingwe, wantchito wamba aliyense akaona bauti yosamanga bwino kapena chitseko chosakhala bwino amakoka chingwecho, kapitawo n'kuthamangira, ndipo vuto likapanda kutha msanga mzere umaima mpaka apeze chomwe chayambitsa. Tangoganizani, munthu wamalipiro apansi kuimitsa ntchito ya fakitale, bwana osamukalipira koma kumuthokoza. Ine pa mbiri yonse ya Toyota chimene chimandigwira mtima ndi chimenechi, osati za mapaundi zija. Akachita zimenezo zaka makumimakumi tizolakwika ting'onoting'ono timatha, ndipo n'chifukwa chake Corolla yakalekale imangolira mmawa uliwonse ngakhale bodi itatha.

Komatu sizinayende nthawi imodzi. Galimoto ya Crown yomwe anatumiza ku America cha mu 1958 inachititsa manyazi, pa misewu yawo ikuluikulu ija inkatentha injini ndi kunjenjemera mpaka anasiya kutumiza. Anabwerera kukakonza. Corolla inatuluka mu 1966 ndipo pofika 2021 anali atagulitsa zoposa 50 miliyoni. Hiace, minibasi yathu yomweyi, ndi ya 1967, Hilux 1968. Land Cruiser inayamba mu 1951 ngati kajipi kotchedwa BJ, dzina la Land Cruiser linabwera mu 1954. Kuno ku Africa dzina la Toyota linamangidwa ndi zitatu zimenezi, Hiace, Hilux ndi Land Cruiser, ma ambulansi, magalimoto a mabungwe ndi a boma, mpaka nkhondo ya Chad ndi Libya ya 1987 anthu anangoitcha Toyota War chifukwa asilikali a Chad ankathamanga mchipululu pa ma Hilux ndi ma Land Cruiser. Ma Hilux ndi ma Fortuner ambiri atsopano omwe mumawaona mumsewu wa M1 sachokeranso ku Japan, amapangidwa ku Prospecton ku Durban.

Musaganize kuti ndi angelo. Mu 2009 ndi 2010 anaitanitsa magalimoto mamiliyoni kuti akakonzedwe chifukwa cha ma kapeti omwe ankakola pedo ya mafuta komanso ma pedo ena omwe ankakakamira, anthu anafa ku America, bwana wamkulu wa nthawiyo Akio Toyoda, mdzukulu wa Kiichiro, anakapepesa pamaso pa aphungu a ku America mu February 2010, ndipo mu 2014 kampani inalipira chindapusa cha madola 1.2 biliyoni chifukwa chobisa zomwe inkadziwa. Mu December 2023 Daihatsu, kampani ya Toyota yomwe inkapanga Passo ndipo imapanga Probox, inavomera kuti kwa zaka zambiri inkachita chinyengo pa mayeso a chitetezo, mafakitale ake n'kuima kaye. Ndiye chingwe chija nthawi zina amaiwala kukoka.

Tsopano tibwere pa inu mayi, chifukwa galimoto yomwe mukufunayo siyotuluka mu fakitale dzulo. Ku Japan kuli kuyeza galimoto komwe amati shaken, koyamba pakatha zaka 3 kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kumadula, ndiye ambiri galimoto ikakalamba amangoigulitsa n'kugula ina. Poti nawonso amayenda kumanzere, chiwongolero kumanja ngati ife, magalimoto amenewo amakwera sitima mpaka Dar es Salaam, kenako pamsewu kudzalowera pa Songwe. Mukugula galimoto ya zaka 10 kapena kuposa yomwe simukudziwa mwini wake ankaisamala bwanji. Apa ndiye chomwe chimapulumutsa munthu wa Toyota kuno kwathu sikulimba kokha ayi, ndi kuchuluka kwake. Mukafunsa eni ake ambiri sanena kuti galimoto yanga siwonongeka, amati ikawonongeka sindigona nayo panja. Sipeya ya Sienta kapena Corolla mukaipeza ku Biwi, ku Malangalanga, ku Ndirande, ku Limbe, ku Mzuzu, yatsopano, yachikale yochotsa pa galimoto ina, yabodza yotchipa, zonse zilipo mungosankha malinga ndi thumba. Makanika wa pansi pa mtengo injini ya 1NZ amaimasula akucheza. Injini imeneyi, ya 1.5, ili mu Sienta, Probox, Ist, Corolla Axio ndi Fielder, imagwiritsa tcheni osati lamba wa taimingi, ndipo anyamata a ma takisi a Sienta omwe amapakira anthu mpaka mu buti tsiku ndi tsiku ndi umboni woti imapirira nkhanza.

Eni ake amadandaula chani? Choyamba ndi miyendo. Magalimotowa anapangidwira misewu ya ku Japan, ali pansi, ndiye mashoko, ma bushi, ma bolo jointi ndi ma linki zimatha msanga pa maenje athuwa, mukamva kugogoda kutsogolo musadabwe. A Vitz ndi Passo za 1.0, injini ya 1KR ya ma silinda atatu, amayamikira kuti mafuta imamwa pang'ono zedi koma imanjenjemera ikaima, ma maunti a injini sachedwa kutha, ndipo mukapakira banja lonse ndi matumba awiri a chimanga pa chitunda imachita kupempha. A Noah ndi Voxy zakale za injini ya D-4 ambiri analira nazo, imadzadza mwaye mkati, imafuna mafuta abwino ndi makanika wodziwa kugwiritsa kompyuta, osati wongoganizira. Injini ya 2.4 ya 2AZ ya zaka zina, yomwe ili mu RAV4, Camry ndi Estima, imadziwika ndi kumwa oyilo, mwini wake amayenda ndi kabotolo mu buti. A Aqua ndi Prius, zoyendera mafuta ndi magetsi, mafuta amaseka nawo, koma batire yaikulu ija ikatopa mtengo wake umawawa, ndipo si galaja iliyonse yomwe ingaigwire.

Chachikulu chomwe chapha ma Toyota ambiri kuno ndi giya bokosi ya CVT, mtundu wina wa otomatiki. Vitz ya kuyambira 2005 ndi Sienta zambiri zili ndi CVT, ndipo imafuna oyilo wakewake. Ndinaonapo Sienta ya mnzanga wina itapita ku galaja ina kukangosintha oyilo, mnyamata n'kuthiramo ATF, oyilo wa otomatiki wamba, poti ndi amene analipo pa shelefu, sipanapite nthawi galimoto inayamba kuzengereza ponyamuka kenako basi, giya bokosi yonse kugula ina. Kunyumba kwawo mpaka lero amati Sienta ndi yosalimba, chonsecho anaipha ndi munthu wa sipanala. Ndiye pa nkhani ya oyilo ameneyu muzikaima pomwepo, muwerenge chigubu ndi maso anu.

Nanga Note ndi Demio? Si magalimoto oipa, ndisakunamizeni. Demio ndi yokoma kuyendetsa kuposa Vitz, ine ndimaikonda, ndipo mkati mwa Note muli malo ambiri. Koma ma CVT a Nissan a zaka zimenezo ali ndi mbiri yosakoma kwa amakanika ambiri, ndipo masipeya a Mazda mukachoka mu Lilongwe kapena Blantyre mumayamba kuimba mafoni. Inu muli ku Kasungu, mwina sukulu yanu ili kunja kwa boma, galimoto ikafa Lachiwiri mukufuna Lachinayi ikhale ikuyenda osati kudikira katundu wochokera ku Dar. Kutchipa komwe mukuona pa intanetiko kumabwerera tsiku logulitsa, chifukwa Toyota ukaika pa Facebook mafoni amayamba tsiku lomwelo, pomwe zinazi anthu amakunyengerera mtengo mpaka kutopa. Amalonda aku Japan nawonso akudziwa kuti Africa yonse ikufuna Toyota, n'chifukwa chake amaikweza mtengo, mukulipira dzina pang'ono, zimenezo n'zoona.

Ndiye mukanakhala mchemwali wanga ndikanati tengani Sienta ngati banja ndi lalikulu, ili ndi mipando 7 ndipo zinthu zikavuta itha kukubweretserani ndalama. Ngati ndi yongopitira kuntchito ndi kutchalitchi, Vitz ya 1.3 osati ya 1.0, kusiyana kwa mafuta n'kochepa koma mphamvu mudzaimva. Ngati msewu wakwanu dzinja umavuta kwambiri ganizirani Probox, siyokongola, mkati muli pulasitiki yekhayekha, anzanu adzakusekani kuti mwagula ya a bizinesi, koma anaipangira kunyamula katundu ndipo miyendo yake ndi yolimbirako.

Musanatumize ndalama, pemphani pepala la ku okushoni lomwe limaonetsa giredi ya galimoto ndi malo omwe inagundidwa, ndipo makilomita otsika kwambiri pa galimoto yakale muziwakayikira chifukwa mita anthu amabweza. Onani zithunzi za pansi, zochokera kumpoto kwa Japan komwe kumagwa chipale amathira mchere mumsewu ndiye zimadya dzimbiri. Zina zimabwera ndi matayala a nyengo yozizira, ofewa, pa phula lotentha la Okutobala satha miyezi ingapo, muikiretu ndalama ya matayala anayi. Mtengo wa pa intaneti uja nthawi zambiri umathera pa doko, pali za doko, ejenti, dalaivala ndi mafuta kuchokera ku Dar, kenako msonkho wa MRA womwe umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndiye mufunse ejenti wodalirika akuwerengereni zonse musanasankhe, ambiri galimoto inawakhalira pa boda chifukwa anawerengera theka. Ikangofika, musanapite nayo kumudzi kukaonetsa, sinthani oyilo wa injini ndi ma fyuluta onse, aone mabuleki, madzi a mu rediyeta ndi oyilo wa CVT uja. Wailesi idzakhala ya Chijapanizi ndipo imathera pa 90 FM, mawayilesi athu ambiri simudzawamva, koma kachipangizo kokonzera zimenezo amagulitsa motchipa mmashopu a masipeya, auzeni a zamagetsi akuikireni tsiku lomwelo.