Kodi maulendo atsopano a ndege ndi chifukwa chokwanira chogulitsira munda?

Bambo wina wa ku Lumbadzi walemba kuti mwana wawo wamkazi, yemwe wakhoza bwino mayeso a MSCE, akufunitsitsa kukhala woyendetsa ndege chifukwa akumva kuti makampani akutsegula maulendo atsopano mu Africa muno. Bambowo akufunsa ngati kuli kwanzeru kugulitsa munda kuti alipire maphunzirowo.

Bambo, musafulumire kugulitsa mundawo musanamvetse kumene ntchito zimagwera kampani ikatsegula ulendo watsopano. Ethiopian Airlines ikanyamula anthu ku Lilongwe, Kenya Airways ikatero, kapena Airlink, cholinga chachikulu n'chakuti okwerawo akasinthire ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, popeza mpikisano weniweni uli pakati pa mabwalo a Bole, Jomo Kenyatta ndi OR Tambo. Oyendetsa ndegezo ndi amisiri ozikonza kawirikawiri amalembedwa ntchito kwawo kwa kampaniyo, pamene kuno pa bwalo la Kamuzu ndi la Chileka zimene zimachuluka ndi ntchito za pansi, monga kulandira okwera, kusamalira katundu, kuthira mafuta ndi kuona zachitetezo. Komanso ulendo umene watsegulidwa chaka chino umatsekedwa mosavuta mipando ikamapita yopanda anthu, ndipo makampani enieniwo amagwa, monga mmene Air Malawi inathera mu 2013 ndiponso mmene South African Airways inalowera m'mavuto aakulu a zachuma mu 2019.

Sindikunena izi kuti mwanayo agwe ulesi, ayi. Malawi Airlines, imene inayamba kuuluka mu 2014 boma lathu lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian ili ndi 49, imalemba ntchito Amalawi, ndipo Ethiopian ili ndi sukulu yake ku Addis Ababa yophunzitsa oyendetsa ndege, amisiri ndi othandiza okwera.

Ngati mtima wake ulidi pa kuyendetsa ndege, ayambe ndi kupimidwa ndi dokotala wovomerezeka kuti apeze chiphaso cha zaumoyo cha Class 1, chifukwa vuto la mtima kapena kulephera kusiyanitsa mitundu lingathe kutseka njirayi ndalama zitalowa kale. Laisensi yonyamulira anthu pa malipiro imafuna kawirikawiri maola 200 a mumlengalenga, ndipo ngati akaphunzirira kunja, ola lililonse limalipiridwa ndi ndalama zakunja, zomwe mukudziwa nokha mmene zikuvutira kupeza. Ambiri amamaliza maolawo n'kukhala nthawi yaitali osalembedwa, chifukwa makampani amakonda amene auluka kale maola ochuluka. Chingerezi chake chiyeneranso kufika pa mlingo wachinayi wa ICAO, bungwe loona za maulendo a pandege pa dziko lonse.

Ine ndikanakhala kholo lake, ndikanamulimbikitsa kuti, ngati anakhoza bwino masamu ndi Physics, afunsire malo a uinjiniya wa makina kapena wa magetsi ku MUBAS ku Blantyre, kenako adzalondole laisensi yokonzera ndege. Luso limeneli limafunidwa ndi kampani iliyonse imene ikupambana mpikisanowu, ndipo limagwira ntchito ngakhale m'mafakitale. Ali pasukulupo, aziyang'anira zolengeza za makampani amene amadziphunzitsira okha oyendetsa ndege, ndipo inu mutsimikize kaye ku nthambi yoona za maulendo a pandege kuti laisensi ya sukulu imene mwasankha imavomerezedwa kuno musanalipire tambala iliyonse.