Fulati yotsala zaka 81: tigule kapena tithawe?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leicester. Ndaifupikitsa, koma mutu wake ndi uwu:

"Ine ndi bambo akunyumba tatopa ndi lendi. Tapeza fulati ya zipinda ziwiri zogona, yotchipa kusiyana ndi ena onse m'dera lomwelo. Ejenti akuti ndi ya leasehold ndipo kwatsala zaka 81, koma akuti tisadandaule chifukwa lamulo linasintha. Ifenso tikuona kuti zaka 81 sitidzafikako n'komwe. Tigule?"

Achemwali, mwachita bwino kufunsa, pajatu safunsa anadya phula. Kugula mukhoza kugula, koma mtengo weniweni wa fulatiyo simunauzidwe. Umene mwaona pa intaneti ndi mbali imodzi chabe. Mbali inayo yabisala mu nambala 81 imeneyo.

Ku England ndi ku Wales, munthu akagula fulati ya leasehold sagula nthaka, ndipo nthawi zambiri ngakhale denga ndi makoma akunja sizikhala zake. Amagula ufulu wokhalamo kwa zaka zimene zatsala pa lizi. Kwa ife izi si zachilendo kwenikweni: aliyense amene anatengapo poloti ku Unduna wa za Malo amaidziwa lizi ya zaka 99 ndi ground rent yake, lendi ya nthaka ija. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno mwini nthakayo, amene amamutcha freeholder, nthawi zambiri amakhala kampani kapena munthu amene anagula nyumba yonseyo n'cholinga chodyerapo. Tingomutcha landilodi. Inu mukuti zaka 81 n'zambiri; iye akuwerenga miyezi.

Akuwerengeranji? Chifukwa cha nambala 80. Lamulo la 1993, la Leasehold Reform, Housing and Urban Development Act, limapatsa mwini fulati ufulu wowonjezera zaka 90 pamwamba pa zotsalazo, ndipo ground rent imasanduka peppercorn, kambewu kamodzi ka tsabola, kutanthauza kuti simulipiranso kanthu. Landilodi sangakane, koma mumamulipira. Zaka zikadali pamwamba pa 80, mumangomubwezera ground rent imene ataye ndi zaka zimene adikire asanalandirenso fulatiyo. Zikangofika pa 80 kapena kutsikirapo, pamabwera chinthu china chotchedwa marriage value. Mwachidule, lizi ikatalika fulati imakwera mtengo, ndipo theka la phindu limeneli lamulo limati ndi la landilodi. Mwezi umodzi wochedwa ukhoza kukudyerani mapaundi masauzande.

Ndiye ganizo loti simudzafika zaka 81 lichotseni. Nkhani si ya tsiku la imfa yanu. Ndi ya tsiku limene mudzafune kugulitsa kuti mukamalize nyumba ya kumudzi, kapena kusintha banki ya mortgage, ngongole yogulira nyumba. Mabanki ambiri amayamba kukayikira lizi ikafupika, ndipo wogula amene banki yamukana sabweranso. Mumatsala ndi a ndalama zapamanja, ndipo amenewo amagwetsa mtengo mopanda chisoni.

Tsopano za ejenti uja. Kumbukirani kuti ejenti ndi dobadoba wa wogulitsa, malipiro ake amabwera nyumba ikagulidwa. Sanakunamizeni kotheratu. Mu 2024 nyumba ya malamulo inavomerezadi Leasehold and Freehold Reform Act, imene ikulonjeza zaka 990 m'malo mwa 90 komanso kuthetsa marriage value. Koma lamuloli likuyamba kugwira ntchito mbali ndi mbali, osati lonse nthawi imodzi, ndipo mbali ya mtengoyi imadalira malamulo ena ang'onoang'ono okhazikitsa kawerengedwe kake. Musaike ndalama zanu pa lonjezo limenelo mpaka loya wanu akulembereni kuti layamba kugwira ntchito pa tsiku limene mukugulalo. Chimene chinasintha ndithu, kuyambira pa 31 January 2025, n'chakuti simufunikanso kukhala mwini fulati kwa zaka ziwiri musanapemphe kuwonjezera.

Apa mpamene ndikufuna mutchere khutu. Mtengo wowonjezerera lizi umawerengedwa pa tsiku limene landilodi wapatsidwa chikalata cha Section 42, chopempha kuwonjezera lizi motsatira lamulo la 1993 lija, osati tsiku limene mwamaliza kukambirana. Chikalatacho chikangoperekedwa zaka zidakali pamwamba pa 80, wotchi yaima. Vuto ndi lakuti kugula nyumba kumatenga miyezi, kenako dzina lanu liyenera kulowa ku Land Registry, ofesi ya boma ya kaundula wa eni malo ndi nyumba, musanapereke chikalata chanu, ndipo kumeneko nakonso zinthu zimachedwa. Funsani tsiku lenileni limene lizi inayamba, chifukwa "81" ya ejenti ikhoza kukhala zaka 80 ndi miyezi isanu. Njira imene ine ndingatsate ndi iyi: wogulitsayo, amene dzina lake lili kale m'kaundula, apereke Section 42 iyeyo, kenako akusamutsireni ufuluwo pamodzi ndi fulatiyo pa tsiku lomaliza kugula. Maloya amachita zimenezi kawirikawiri. Wogulitsayo akakana, mufunseni chifukwa.

Zotsatira zake zili ndi masiku okhwima. Landilodi amapatsidwa miyezi yosachepera iwiri kuti ayankhe ndi mtengo wake, ndipo akhoza kupempha dipoziti ya 10 peresenti ya mtengo umene mwatchula, kapena £250 ngati imeneyi ndiyo yaikulu. Mukalephera kugwirizana, mumakasuma ku First-tier Tribunal, bwalo loweruza mikangano yotereyi, pasanathe miyezi isanu ndi umodzi chilandirireni yankho lakelo. Mukaphonya tsikuli, pempho lanu lafa, mudikira chaka chathunthu, zaka zija zili kutsika. Ndalama za loya ndi za wowerengera mtengo wa landilodi nazonso zimagwera inu, kupatula za ku tribunal. N'chifukwa chake ndimati lembani ntchito loya ndi valuer (wowerengera mtengo) amene lizi ndiyo ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku, osati wotchipa amene ejenti wakulozerani. Valuer akupatseni chiyerekezo musanasaine chilichonse.

Landilodi wina adzakunyengererani kuti mungogwirizana panokha popanda Section 42. Nthawi zina zimayenda bwino komanso mwachangu. Koma pamenepo akhoza kukupatsani zaka zochepa, kusiya ground rent ikuyendabe pa zaka zakalezo, kapena kulowetsa mfundo zatsopano mu lizi, ndipo akasintha maganizo pakati panjira mulibe pogwira.

Simunafunse za service charge, ndalama zimene eni mafulati amalipira zosamalira ndi kukonza nyumba yonseyo, koma ndikuuzani chifukwa ine ndinapsa nayo. Nditangolowa mu fulati yanga yoyamba, kampani yoyang'anira nyumbayo inatumiza kalata ya denga, ndipo wondigulitsa uja ankadziwa bwino lomwe kuti ikubwera. Uzani loya wanu apemphe fomu ya LPE1 (yofotokoza za ndalama ndi kayendetsedwe ka nyumbayo), maakaunti a zaka zitatu zapitazi, ndi kuchuluka kwa ndalama zimene zasungidwa za kukonza kwakukulu. Afunsenso ngati pali chikalata cha Section 20, chimene landilodi ayenera kupereka ntchito yokonza ikakhala yoti mwini fulati, ngakhale mmodzi yekha, alipire zoposa £250. Ngati nyumbayo ndi yaitali, nkhani ya zokutira makoma akunja, imene inabuka moto wa Grenfell Tower utapha anthu 72 mu 2017, ikhoza kupangitsa banki kufuna fomu ya EWS1, yosonyeza kuti makoma akunjawo anawunikidwa pa nkhani ya moto. Werenganinso ngati ground rent imawirikiza pakapita zaka zingapo, komanso ngati lizi ikulola kuikamo munthu wa lendi, poti enafe timagula tili ndi maganizo odzabwerera kwathu. Bungwe la LEASE limapereka uphungu woyamba waulere pa zonsezi.

Lolemba muimbire ejenti uja. Mumuuze kuti fulati mwaikonda, mukufuna kope la lizi ndi tsiku limene inayamba, ndipo mtengo wanu mutchula valuer akamaliza kuwerengera. Ndalama imene valuer atchuleyo, pamodzi ndi za maloya awiri aja, wanu ndi wa landilodi, muichotse pa mtengo wa wogulitsa.